Bicha Yopanda Miyala

Chaka cha 1984, mvula itakana kachiwiri, pa koperativa ya ku Matema, mumzinda wa Tete, pankaima miyala m'malo mwa anthu. Ufa unkabwera kamodzi pa mwezi, mwezi wina osabwera n'komwe, ndipo tsiku lake panalibe wolidziwa, pakuti kamiyau, galimoto yaikulu yonyamula ufa, inkadikira asilikali kuti aiperekeze mumsewu wa nkhondo. Choncho aliyense wokhala ndi kartau, kapepala kolandirira chakudya, ankasiya mwala wake pamzere n'kupita kukasaka zina zodyetsa ana. Mzerewo unkatchedwa bicha. Unkayambira pakhomo la koperativa, kudutsa pansi pa mlambe, n'kukathera kuseri kwa chigayo chimene chinaleka kulira kalekale.

Mwala wa Celeste unali wakuda, wosalala, womangidwa kansalu kofiira kong'amba ku kapulana yake, chitenje chimene ankavala. Celeste ndi mng'ono wake Isabel anathawa ku Domwe, ku Angónia, mudzi wawo utatenthedwa. Mwamuna wa Celeste sanapezeke pakati pa akufa, ndipo pakati pa amoyo sanapezekenso. Chimene anatsala nacho ndi mwana mmodzi, Zita, wa zaka ziwiri.

M'mawa uliwonse Celeste ankabereka Zita n'kuwoloka mlatho wa Zambezi akuyenda wapansi, kupita ku Nhartanda kukathirira dimba la bambo wina wa kumeneko. Mwanayo ankamugoneka m'kachisakasa ka bango pafupi ndi chitsime. Madzulo ankabwera ndi mtolo wa masamba a kovi ndi chitini cha gaga. Isabel, wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ankachapa ndi kusita kunyumba ya banja lina mumzinda, ndipo akaweruka ankapita kusukulu ya madzulo. Ntchitoyo inalibe phindu lenileni kupatula pepala lonena kuti ndi wogwira ntchito. Masiku amenewo wopanda pepala lotere ankakwezedwa galimoto n'kukatulidwa kuminda ya kutali, kosadziwika ndi abale.

Zita anafika ku Tete akuyenda ndi miyendo yake, koma tsopano anali atasiya. Tsitsi lake linafiira, mapazi anatupa. Namwino wa pachipatala chaching'ono anadina phazi lake ndi chala, ndipo chalacho chinasiya kadzenje kamene sikanabwerere msanga.

"Gaga sasunga mwana, amayi," anatero namwinoyo. "Phala la ufa, katatu pa tsiku. Akatha mwezi wina ali chonchi, ine ndilibe chomuchitira."

Miyala inali ndi woilondera. Dzina lake Esperança, Mnyungwe wamtali wa mawu ngati a mwamuna, amene ankagulitsa masau ouma pansi pa mlambe uja. Palibe anamuika paudindowo. Ankadziwa mwala uliwonse ndi mwini wake, ndipo kamiyau ikaoneka pamlatho, iye ndiye ankatumiza mawu m'misika ndi m'madimba kuti eni miyala athamange. Aliyense akalandira ufa ankamutapira kapu imodzi. Koma analipo ena omutapira makapu awiri kapena atatu, ndipo miyala ya anthu amenewo inkamera miyendo.

Mwezi wa Setembro ufa unabwera Loweruka masana. Celeste anathamanga kuchokera ku Nhartanda, Isabel n'kukumana naye pamlatho. Anapeza mwala wa kansalu kofiira, umene sabata yonse unali pansi pa mlambe, uli kuchigayo. Anaima mpaka dzuwa kupendeka. Kutsogolo kwawo kutatsala anthu asanu ndi mmodzi, chitseko chinatsekedwa.

Celeste anangokweza mwana kumbuyo n'kutembenuka. Isabel anapita kumlambe.

"Titiya Esperança, mwala wa mkulu wanga, mana Celeste, unali apa. Kuchigayo wafikako bwanji?"

"Kafunse mbuzi, mwanangu. Mbuzi za ku Tete zikasowa makatoni odya zimasewera ndi miyala."

"Nanga amayi aja a mpango wobiriwira? Alowa katatu ine ndikuona."

"Ali ndi ana ambiri."

"Kartau yawo ndi imodzi ngati yathu."

Esperança analavula nthanga ya masau. "Imwe odya kachewere mwatsika kumapiri dzana dzanali, lero mwayamba kuwerenga miyala ya eni ake? Bzinthu bza kuno muyambe mwaphunzira. Tenga masau awa ukampatse mwana ayamwe."

Isabel sanalandire.

Kusukulu ya madzulo kunali anyamata ndi atsikana angapo ochokera ku Angónia ndi ku Tsangano, ndipo aliyense kwawo kunali mwala wobwerera m'mbuyo. Wamkulu pa iwo anali Raimundo, wa ku Tsangano, wosenza matumba pamsika, munthu wosafulumira kulankhula, amene ankasunga kope lake m'pulasitiki kuopa thukuta. Lamlungu atatuluka kutchalitchi anakhala pansi asanu ndi awiri pamthunzi wa khoma la sukulu, n'kugwirizana kuti asayambe ndi kukuwa. Ayambe ndi kudziwa. Sabata yathunthu ankadutsa pabicha mosinthana, akuwerenga chamumtima. Anapeza miyala mazana atatu ndi khumi ndi iwiri. Makartau a chigawo chimenecho, malinga ndi mtsikana wina amene mlongo wake ankasesa mu koperativa, sankafika mazana awiri.

"Miyala zana ilibe mimba," anatero Raimundo. "Koma ikudya."

Analemba zopempha zitatu m'Chipwitikizi, Isabel ndiye wogwira cholembera chifukwa cha zilembo zake zooneka bwino. Choyamba, tsiku lobwera ufa lizilengezedwa. Chachiwiri, amayi a ana otupa azilandira poyamba. Chachitatu, miyala ichotsedwe: munthu mmodzi, kartau imodzi, malo amodzi, mwini wake ataima yekha. Mawu omalizawo anakangana nawo nthawi yaitali. Mtsikana wina anati bwanji azilola m'bale kuimirira mnzake, koma Raimundo anati ukatsegula kakhomo kameneko, a mpango wobiriwira adzapeza abale makumi awiri tsiku limodzi. Onse anaona kuti akunena zoona.

Isabel sanamuuze Celeste. Sikuti ankabisa. Celeste ankafika kunyumba atatoperatu, n'kugona asanamalize kutafuna. Isabel ankafuna kudzamubweretsera chinthu chakupsa kale, monga munthu amabweretsera mnzake madzi, osati nkhani ya chitsime.

Msonkhano wa bairro, chigawo chonse cha Matema, unachitika Loweruka loyamba la Outubro. Sekeretariyo, a Armando, anali munthu woonda amene lamba wake anali ndi zibowo zatsopano zoboola ndi msomali. Anamvetsera Raimundo akuwerenga mpaka kumapeto, kenako anapempha pepalalo n'kuliwerenganso okha.

"Achinyamata awa ndi ophunzira, ndipo alemba mwaulemu," anatero. "Ndiyankha chimodzichimodzi. Tsiku la kamiyau, makamarada, ine sindilidziwa. Woyendetsa salidziwa. Ndipo tikalilengeza, oyamba kulimva adzakhala aja obisala m'tchire. Za ana otupa, ndilozereni nyumba imene mulibe mwana wotupa. Aliyense adzafuna pepala la namwino, ndipo namwino ndi mmodzi." Anapinda pepalalo. "Koma chachitatuchi chili m'manja mwathu. Sichifuna mafuta, sichifuna chilolezo cha akuluakulu. Miyala ichoke! Abasho miyala!"

"Abasho!" anthu anayankha, ena ndi mtima wonse, ena chifukwa pamsonkhano pamayankhidwa.

Tsiku lomwelo amilisiya, alonda a chigawocho, anatuta miyala yonse n'kukaitaya m'khwawa. Raimundo anagwira Isabel dzanja pamaso pa anthu, chinthu chimene anali asanachitepo. "Chimodzi mwa zitatu," anatero. "Poyambira si pochepa."

Esperança anali pansi pa mlambe akumanga dengu lake. "Iwe wa zilembo, bwera kuno."

Isabel anapita.

"Kapu yanga mwaiphwanya, ndatenda, zikomo kwambiri. Ine sindifa, ndili ndi masau. Koma ndikufunse. Kwanu kumapiri mwezi uno mumatani m'mawa?"

"Timafunda nsalu."

"Kuno mwezi uno buluzi amayenda monyang'ama, kuopa kupsa mapazi. Ukuyesa miyala tinaiyamba chifukwa cha ulesi? Mwala sumva dzuwa. Mwala ulibe mwana kumbuyo."

"Mwala umabanso, titiya."

"Umaba, inde. Ine ndakana?" Anasenza dengu. "Mkulu wako unamufunsa?"

Isabel anatembenuka n'kulowera kunyumba.

Celeste anali atamva kale nkhaniyo pamlatho. Isabel anamupeza pakhomo akudula kovi, Zita atatsamira pantchafu pake.

"Akuti ndiwe unalemba."

"Tinalemba tonse, mana. Tsopano palibe adzakudutsani. Mukafika oyamba, ndinu oyamba."

"Ndikafika liti?"

"M'mawa."

"M'mawa wa tsiku liti, Isabel?"

Mpeni unali utaima.

"Ndi masiku ochepa chabe, mana. Akuti kamiyau yanyamuka kale ku Chimoio."

"Nanga dimba athirire ndani? Pepala unalembalo?" Celeste anayang'ana mwana, n'kumupukuta pakamwa ndi chala chachikulu. "Ndikanadziwa ndikanamasula kansalu kanga," anatero.

Lolemba Celeste anakaima pabicha kum'mawa kukufiira. Lamulo linali lakuti dzuwa likalowa amilisiya azibalalitsa onse, m'mawa mwake bicha n'kuyambanso. Wochoka kupitirira nthawi yokataya madzi, malo ake atha. Anapeza anthu khumi ndi anayi kutsogolo kwake, pafupifupi onse akazi a kumapiri, ozolowera kulawirira kumunda.

Chimene achinyamata aja sanachione powerenga miyala chinali mthunzi. Mlambe mwezi umenewo unalibe tsamba ndi limodzi lomwe, ndipo mthunzi wa thunthu lake unkagwera anthu ochepa apakati. Kutsogolo, kumene aliyense ankalimbirana, kunali khoma la koperativa lopaka njereza, limene linkabweza dzuwa kumaso ndi kumsana. Ukayandikira chitseko ndiye kuti wayandikira moto.

Isabel anapempha abwana ake aakazi kuti azibwera ndi mwana kuntchito, azimugoneka kuseri kochapira.

"Wotupa uja?" anatero abwanawo. "Ine ndili ndi ana anga muno. Usandibweretsere matenda."

Oyandikana nawo nyumba onse anali pabicha pomwepo, aliyense ndi wake kumbuyo. Raimundo anasiya matumba pamsika n'kupita kukauza Celeste kuti akapumule, iye aime. Mmilisiya wina anamugwira paphewa.

"Kartau ndi ya ndani?"

"Ya amayiwa. Mwana wawo akudwala."

"Mwini wake ataima yekha. Si iwe unawerenga pamsonkhano paja? Kapena anali mapasa ako?"

Anthu ena anaseka. Raimundo anaima pambali kwa kanthawi, atatambasula malaya ake pamwamba pa mutu wa mwana, mpaka kapitawo wa pamsika anatumiza mawu kuti akapanda kubwerera asabwerenso.

Tsiku limenelo kamiyau sinabwere. Lachiwiri sinabwerenso, ndipo madzulo mawu anafika kuchokera ku Nhartanda kuti mwini dimba walemba mayi wina. Sanachite mwankhanza: kovi wa Outubro akagona tsiku limodzi osamwa, m'mawa amakhala nsanza. Koma chitini cha gaga chinathera pomwepo. Lachitatu Isabel anabwera ndi nkhoko za mpunga zopala pansi pa poto wa abwana, atazibisa m'kansalu. Anazinyika m'madzi, n'kuzifinya ndi supuni. Zita anatembenuza mutu. Ankangofuna madzi, ndipo akamwa ankasanza.

Isabel ndi Raimundo anapita kwa a Armando dzuwa lisanalowe. Anawapeza akuthira madzi a sopo pakamtengo ka papaya.

"Kamarada sekeretariyo," anayamba Raimundo, "tinalakwitsa penapake. Tikupempha kuti amayi a ana aziloledwa kukhala pamthunzi, malo awo osatha. Kapena aliyense alembedwe nambala padzanja."

A Armando anaika chitini pansi. "Ine ndikukumvani. Mkazi wanganso ali pabicha pomwepo, mukamuone, wachita kuda ngati mphika. Koma lamulo limeneli silinachoke m'kamwa mwanga ndekha. Linavomerezedwa ndi msonkhano. Ndikalisintha ndekha lero, mawa adzati a Armando adya makapu a Esperança. Chomangidwa ndi msonkhano chimamasulidwa ndi msonkhano. Mubwere nazo Loweruka."

"Loweruka ndi kutali, kamarada," anatero Isabel.

"Ndi masiku atatu, mwanangu."

Lachinayi m'mawa Isabel anadzuka Celeste akumanga kale mwana kumbuyo. Mutu wa Zita unkagwera kumbali, ndipo Celeste anauchirikiza ndi mpango.

"Mana, lero pumulani. Mupite naye kwa namwino."

"Namwino ananena kale mankhwala ake. Ali nawo iye?"

"Tsiku limodzi lokha."

"Ndikapuma lero, ibwera lero." Anatenga botolo la madzi ndi kartau. "Iwe pita, ungachedwe. Mmodzi wa ife akhale ndi pepala la ntchito."

Dzuwa la tsiku limenelo anthu a ku Matema analikumbukira nthawi yaitali. Phula la pamlatho linafewa, n'kumagwira nkhwaira za oyenda. Isabel ankasita malaya pakhonde la abwana, makala a m'simbi akumuwotcha kumaso, ndipo nthawi ndi nthawi ankaponya maso kumsewu. Dzuwa litapendeka pang'ono anamva kulira kwa magalimoto olemera. Anaona asilikali atakhala pamwamba pa matumba, fumbi lili mbuu kumaso. Galimoto ina inalibe galasi lakutsogolo. Anasiya simbi pamwala n'kuthamanga osatsanzika.

Anafika pa koperativa ufa ukugawidwa kale. Bicha inali yowongoka, yopanda kukankhana, chinthu chimene Isabel anali asanaonepo. Amayi a mpango wobiriwira anali kumbuyo kwenikweni, kuchigayo, akudzikupiza ndi kartau yawo imodzi. Raimundo anamuthamangira, nkhope ili ngwee.

"Taona, Isabel! Taona amene ali kutsogolo! A ku Domwe, a ku Tsangano, a ku Ulongwe. Amayi a Filomena alandira koyamba chibwerere kuno. Alira misozi, ine ndikuona!"

Sankanama. Akazi amene kwa miyezi yambiri ankabwerera chimanjamanja ankatuluka mmodzimmodzi, timatumba ta ufa wachikasu tili pamutu, ena akuseka, ena akuyenda mwachangu ngati wina awalanda.

Kenako anatuluka Celeste. Ufa unali pamutu, makilo asanu ndi limodzi, a anthu atatu. Kumbuyo kwake kunali Esperança, akuyenda moyandikira ngati amuponde zidendene. Iye analibe ufa. Anali atasiya malo ake pabicha, ndipo kapulana yake anaifunditsa pamsana pa Celeste, kuyambira kumutu kwa mwana mpaka kumapazi.

"Mana! Mwalandira!"

Celeste anamudutsa osamuyang'ana.

"Tseka pakamwa, uyende," anatero Esperança motsitsa mawu, ndipo Isabel anali asanamvepo mawu a mayiyo ali otsika.

Anayenda atatuwo kudutsa chigayo, kudutsa khwawa, mpaka kunyumba. Celeste anatula ufa pakona, pamwamba pa njerwa ziwiri kuopa chiswe. Kenako anagwada. Esperança anamasula mfundo ya pachifuwa, n'kulandira mwana ndi manja awiri, n'kumugoneka pamphasa. Anamuwongola miyendo. Anamutseka pakamwa ndi chala.

Isabel anakhala pansi pomwe anaimapo.

"Liti?" anafunsa.

"Dzuwa lili pamutu," anatero Celeste. "Amandigwira bulauzi apa. Kenako anasiya."

"Chipatala chili pafupi, mana. Bwanji simunachoke?"

"Ndinali wachisanu ndi chinayi. Mawu anali atamveka kuti kamiyau yadutsa ku Changara. Ndinati apirire pang'ono, wapirira masiku atatu." Ankalankhula ngati akufotokoza njira ya kumsika. "Atasiya, panalibenso chochokera. Ndipo kartau ili ndi anthu atatu. Ndikanalira pamenepo akanandipimira za awiri."

"Ine ndinaona mapazi," anatero Esperança. "Mapazi a mwana wogona salendewera choncho."

Isabel anadikira kuti mayiyo anene zimene ananena pansi pa mlambe. Ankafuna kuti azinene, azinene mokweza, oyandikana nawo amve. Esperança sananene. Anatenga ndowa n'kumupatsa.

"Katunge madzi. Pobwera uuze a nyumba iyo ndi iyo." Kenako anatembenukira kwa Celeste n'kumugwira mapewa. "Ufa wafika m'nyumba. Lira tsopano, mwanangu. Palibe akupima."

Anamuika Lachisanu m'mawa. Nthaka inali youma ngati njerwa, ndipo amuna anayi anakumba mosinthana ndi khasu limodzi ndi chitsulo cha galimoto, manda a mwana amene akanatha ndi munthu mmodzi kumapiri. Okumba manda sabwerera ndi njala, ndipo amayi amene anagona pamaliro nawonso anayenera kulawa kanthu. Pofika masana theka la ufa linali litatha.

Raimundo anali mmodzi wa okumbawo. Mbale itafika pamene anakhala, anaikankhira kwa mnzake.

"Idya, mwana wa sukulu," anatero Esperança. "Ukakana ufa umenewu ndiye kuti amake anaimira chabe."

Anadya, maso ali pansi.

Loweruka Raimundo anapita kumsonkhano yekha. Anaimirira n'kunena kuti iye ndi anzake analakwitsa, ndipo anapempha kuti pakhale njira yosungira malo munthu atachoka. Asanamalize, amayi a Filomena anaimirira. Anati miyezi isanu ndi iwiri ana awo sanalawe ufa wa koperativa, ndipo sabata ino alawa. Anati ukalola mwala lero, kapena nambala, kapena m'bale, mwezi wamawa iwo adzapezekanso kuchigayo. Akazi ambiri a kumapiri anawombera m'manja. Nawonso sankanama. Lamulo linakhala momwe linalili.

Lamlungu masana Esperança anabwera ndi masau m'kambale. Anakhala pakhomo, n'kuyang'ana kartau imene inali itasomekedwa kudenga.

"Dzina la mwana musafufute msanga," anatero. "Sabata ino ku Matema kwaikidwa ana asanu. A Armando sangadziwe kuti uyu ndi wa nyumba iti. Makilo awiri ndi makilo awiri. Mukhale chete mpaka mvula."

Isabel anayang'ana mkulu wake. Zikanakhala kwa iye, Isabel akanavomera. Anadzipeza kuti akanavomera popanda kuganiza kawiri, iye amene anawerenga miyala ya anthu ena sabata yathunthu.

"Ayi," anatero Celeste. "Ndamunyamula kamodzi ali wakufa kuti andilandirire ufa. Kachiwiri ayi." Anasolola kartau kudenga n'kuiika pamiyendo ya Isabel. "Upite ndiwe. Ndiwe wodziwa za mapepala."

Lolemba m'mawa Isabel anapeza a Armando atakhala patebulo pakhonde la nyumba yawo, buku la mayina lili patsogolo. Atamuona anamwetulira.

"Wa zilembo uja! Ukudziwa kuti a zigawo zina abwera kudzafunsa momwe tachitira? Akuti bicha ya ku Matema inalibe ndewu. Ndawauza kuti ndi nzeru za ana a sukulu."

Isabel anaika kartau patebulo. "Ndabwera kudzachotsa dzina, kamarada sekeretariyo."

"Wasamuka?"

"Wamwalira."

A Armando anavula chipewa n'kuchiika pabondo. Anayang'ana kartau, kenako Isabel. Anatsegula buku, n'kutsitsa chala mpaka pa dzina la Celeste. Anatenga rula, analemba mzere wowongoka pa dzina lachitatu, n'kuchitanso chimodzimodzi pakartau. Pamene panali 3 analembapo 2.

"Pepani kwambiri," anatero. "Mwezi wamawa ndi makilo anayi. Muwauze akulu anu alawirire."

Isabel anapinda kartau n'kuilowetsa m'bulauzi. Dzuwa linali litakwera kale, ndipo kuntchito anali atachedwa. Anatsika kulowera kumlatho.